Kabotolo ka m'thumba lachiwiri

Lolemba, 12 Meyi

Kwatsala masiku khumi ndi limodzi. Mayeso a mankhwala ndi Lachisanu la sabata yamawa, ndipo mabuku a ophunzira ndiyenera kukhala nditasaina pofika Lachitatu lake. Wopanda siginecha yanga salowa m'chipinda cha mayeso.

Ophunzira ndili nawo khumi ndi anayi. Khumi ndi atatuwo sakundiwawitsa mutu, akagwa adzadzuka. Amene akundidya mtima ndi a Liwiro. Analephera kale mu Febuluwale, ndipo lamulo limati kawiri basi.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri akuyendetsa ambulansi, khumi ndi zitatu mwa izo ine ndili kumbuyo kwawo ndi odwala. Tsiku langa loyamba, nditangotuluka ku koleji ndi nsapato zoyera mbee, ndinasanza pakona yoyamba. Anandipatsa mpango wawo, ndipo mpaka lero sanauzepo munthu. Tsopano akufuna satifiketi ya chithandizo chadzidzidzi, kuti azigwira nawo wodwala, osangokhala pa chiwongolero. M'kalasi amakhala kutsogolo penipeni, imvi zili mbuu, mabondo osakwana pansi pa desiki.

Lero tinabwereza ulendo wa mankhwala m'thupi: kulowa, kufalikira, kuphwanyidwa, kutuluka. Ndalankhula theka la ola, nkhope zili gwaa. A Liwiro n'kukweza dzanja. Akuti, "Sisita, ndithandizeko. Mtsempha ndi msewu waphula, ukangolowa wafika. Mnofu ndi msewu wafumbi, umafika koma modekha. Wakukamwa ndi uja wodzera pa rodibuloko ya chiwindi, amakutsitsa katundu wina usanapitirire. Impso ndiye geti yotulukira." Kalasi yonse kuseka, koma onse analemba. Ine zaka zinayi ndikuphunzitsa, sindinaganizepo za rodibuloko.

Masana, chikwama cha mankhwala. Ndikatchula dzina, dzanja lawo lafika kale. Asipirini, tswii. Gulukosi, tswii. Palibe wowaposa. Nanga mu Febuluwale chinavuta n'chiyani? Iwo amangoti, "Dokotala uja sanandikonde nkhope."

Lachiwiri, 13 Meyi

Masamu a a Liwiro ali bwino. Mwana wa makilo 20, panado 15 mg pa kilo iliyonse, wamadzi uja wa 120 mg mu 5 ml. Ndisanamalize kufufuta bolodi, "Khumi ndi awiri ndi theka, Sisita." Ndinawerengera kawiri papepala. Zoona.

Z5, zoyenera zisanu zija, amazidziwa ngati pemphero: wodwala woyenera, mankhwala oyenera, mlingo, njira, nthawi. Ndinawafunsa za mankhwala a pansi pa lilime a mtima. Akuti osapereka ngati bipi yatsika, komanso kwa bambo amene wamwa "timapiritsi tolimbitsa banja tija." Ati funso limenelo uzifunsa mayi atatuluka panja. Atsikana a kumbuyo anagona pa desiki ndi phwete.

Ndamva pa khonde kuti dzina limene ophunzira anandipatsa lakula. Sindinenso Sisita Bwerezani, tsopano ndine Mayi Bwerezani. Zilibe kanthu. Abwereze.

Mutu ukuwawa pang'ono. Babu la m'chipinda muno lachepa mphamvu, ndiwauza bambo a ana asinthe.

Lachitatu, 14 Meyi



M'mawa ndinakonza chikwama chophunzirira. Sindikudziwa chinandilowa n'chiyani, koma ndinasinthanitsa timabotolo tiwiri: atiropini ndinaika m'thumba lachiwiri kumanzere, momwe mumakhala adirenalini, ndipo adirenalini ndinapititsa kwa atiropini. Tonse tating'ono ngati chala cha mwana, tagalasi, zilembo ngati mapazi a nyerere.

Tinagoneka Malume, chidole chathu chophunzirira chija. Ndinati, Malume alumidwa ndi njuchi, milomo yatupa, akubanika, bipi ikugwa. Awiri oyamba anatenga, anawerenga, anadzidzimuka, anakonza. Kenako a Liwiro. Zonse mwadongosolo, mpweya, funso la zimene thupi limadana nazo, zonse. Dzanja m'thumba lachiwiri. Anakweza kabotolo pamaso, monga mwa mwambo wathu wa maso anayi: wobaya amawerenga mokweza dzina, mphamvu ndi tsiku lotha ntchito, n'kuonetsa mnzake, mnzakeyo n'kuwerenganso ndi kunena kuti zoona.

Ndi mawu a m'busa pa guwa: "Adirenalini. Miligalamu imodzi mu mililita imodzi. Itha Novembala chaka chamawa. Theka la mililita, pantchafu."

Kabotolo kali m'manja ndi ka atiropini.

Sanalakwitse kuwerenga ayi. Sanawerenge n'komwe. Anayang'ana kabotolo n'kunena zimene zili m'mutu mwawo, mpaka tsiku lomwe. Mnzawo amene amayenera kutsimikiza anandiyang'ana, maso ali tong'oo. Ndinati tipume kaye, Malume atidikira. A Liwiro n'kuseka, ati kuwala kwa pawindo.

Pawindo pali katani.

Lachinayi, 15 Meyi

Ndakhala ndikusonkhanitsa zinthu ngati wapolisi, ndipo chilichonse chikundiloza ine.

A Liwiro foni amaigwira kutali ngati ikununkha. Pepala la adiresi amandipatsa ine, "werengani ndi inu a sukulu." Fomu ya galimoto amaisaina osayang'ana. Buku lawo la m'kalasi zilembo zake ngati za pa chikwangwani. Mu Febuluwale, ndafufuza, anagwa chifukwa anabaya chidole ndi mankhwala otha ntchito amene dokotala anabisa dala. Zaka zonsezi ndakhala maso awo osadziwa. Ine amene ndimawerenga mabandeji kawiri.

Bambo a ana pa chakudya cham'mawa: "Akazi anga, munthu akadutsa zaka makumi anayi, mkono umafupika. Ine ndinavomereza. Ena m'nyumba muno sanavomerezebe." Ndinalibe nthawi ya nthabwala.

Ndinawapeza a Liwiro masana kuseri kwa galaja akutsuka ambulansi. Ndinatenga chinsanza ndi kuyamba kupukuta magalasi a kumbali, kuti manja akhale ndi chochita. Ndinayamba mozungulira, za nyengo, za matayala. Iwo: "Sisita, mukazungulira chonchi mafuta amatha. Imani penipeni."

Ndinanena. Achimwene, zilembo zazing'ono simukuziona.

Madzi a m'paipi anapitiriza kuthira tayala limodzi lomwelo. Kenako anati, "Munanditchera msampha. Pamaso pa ana."

Ndinati msampha unali wa onse. Ati, koma unakola mmodzi. Ndinati akapimitse maso, ndi nkhani ya mphindi makumi awiri. Apa ndiye anatseka mpopi.

"Dalaivala wa ambulansi akalowa m'chipinda cha maso, amatuluka ndi chiyani? Satifiketi ndilibe, chiwongolero andilande. Ndizikatani, kulondera geti?"

Ndinayesa kufotokoza kuti kuona pafupi ndi kuona patali n'zosiyana, kuti iwo amaona mbuzi ili kutsidya kwa mlatho ine ndisanaone mlathowo. Sanamve. Ati chikwama amachidziwa kuposa m'thumba la buluku lawo, ndingosaina, akakhoza. Ndinati sindisaina. Mawu anatuluka ouma kuposa mmene ndinafunira.

"Chabwino, aphunzitsi."

Aphunzitsi! Zaka khumi ndi zitatu sananditchulepo choncho.

Lachisanu, 16 Meyi

Tiyi wanga wa m'fulasiki yawo sanabwere. M'kalasi akhala kumbuyo.

Ndasaina mabuku asanu ndi anayi. Lawo ndaliika m'dirowa, ndalitulutsa, ndalibwezeramo.

Ndikasaina, mwina akhoza, ngati dokotala sasokoneza chikwama. Kenako tsiku lina kampani isintha timabotolo, kapena wina alongedza molakwika ali ndi tulo. Ndikapanda kusaina, ndawatsekera chitseko ndi dzanja langali. Ndalemba mbali ziwiri papepala, zabwino ndi zoipa, ngati zingathandize. Pepala silinandiuze kanthu.

Loweruka, 17 Meyi

Ndinapita ku shopu ya alamu, akazi awo a a Liwiro, ndi siketi yoti andipindire. Siketiyo inalibe vuto lililonse. Alamu anaitembenuza kawiri, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo aja, ofiirira ngati biringanya, okhala ndi tcheni cha mikanda.

"Alamu, siketi iyi ndinapinda ndine chaka chatha. Khalani pansi munene."

Sindinafunike kunena zambiri. Akuti kuyambira Januwale, madzulo alionse akatseka shopu, amawawerengera a Liwiro manotsi mokweza, iwo ali gone pa sofa maso otseka, ati ndi mmene zimalowera bwino. "Ine panopa ndikhoza kukulemberani mayesowo. Asipirini 300, atafune, asameze wathunthu, koma osati wa zilonda za m'mimba zotuluka magazi. Wokomoka osam'thira shuga m'kamwa. Ndifunseni china!" Makina osokera ali duu, ine ndikuseka misozi ili m'maso.

Ndiye anatsitsa mawu. Akuti magalasi awo amasowa Lamulungu lililonse masana, n'kupezeka pansi pa nyuzipepala, pa tsamba la mpira. Kufunsa, ati mwina mphaka.

Ndiye kuti amadziwa. Amadziwa kalekale.

Ndinapempha alamu awalankhule. Anapukusa mutu. "Ine ndalankhula mpaka malovu kuuma. Mwamuna uja ali ngati zipi yokakamira, ukakoka mwamphamvu imathyoka. Koma inu amakuopani."

Amandiopa ine? Munthu amene anandionapo ndikulira chifukwa cholembera changa chofiira chinasowa?

Lamulungu, 18 Meyi

Ulaliki sindinaumve. Nyimbo ya m'buku ndinaimba ya pamtima, asindikiza ndi zilembo zazing'ono mabuku atsopanowa.

Chinthu chimodzi chakhala m'maganizo mwanga tsiku lonse. Maso anayi. Pa ulendo uliwonse ndimawerenga kabotolo, n'kuwaonetsa iwo, iwo n'kuti, "Zoona, Sisita." Kangati? Mazana. Ndipo ine mtima unkakhala pansi chifukwa cha mawu amenewo.

Lolemba, 19 Meyi

Kalasi kunalibe m'mawa, tinali pa ntchito tonse awiri. Moni wa mphuno. Cha m'ma 10 anatiitana ku fakitale ya mipando: mayi wopaka vanishi walumidwa ndi mavu amene anamanga chisa kuseri kwa matabwa. Tinamupeza atakhala pansi potsamira khoma, nkhope yotupa, maso atatsala timizere, mpweya ukulira ngati wenzulo. Anzake atamuzinga, wina akumupepesa ndi katoni. Malume weniweni, koma uyu wa ana atatu, mnzake ankangobwereza zimenezo, ana atatu, ana atatu.

A Liwiro anabalalitsa anthu ndi mawu awiri, mpweya anauika kale ndisanapemphe. Ine thumba lachiwiri. Ndinawerenga mokweza. Ndipo dzanja langa, mwachizolowezi, linapita lokha pamaso pawo.

Anayang'ana. "Zoo..."

Anaima.

"Sindikuona, Sisita. Werenganinso nokha."

Ndinawerenganso, chilembo chimodzichimodzi. Theka la mililita, pantchafu. Mphindi zisanu zija zinali ngati chaka. Kenako wenzulo unayamba kuchepa, bipi kukwera, mayi n'kutukwana mavu. Wodwala akayamba kutukwana, ine ndimadziwa kuti tapambana.

Pobwerera kuchokera kuchipatala ndinakhala kutsogolo. Pa maloboti achiwiri ndinati, Achimwene, ine ndine wamantha, mukudziwa. Chimene chimandilimbitsa mtima ndi zoona wanu uja. Ngati ndi wapamtima, ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikubaya anthu ndili ndekha.

Anayendetsa mpaka pa geti, anazimitsa injini, anakhala manja ali pa chiwongolero.

"Chipinda cha maso chija amatsegula nthawi yanji?"

Lachiwiri, 20 Meyi

Ndinawaperekeza. Pa benchi anakhala ngati akudikira chigamulo, chipewa akuchipotokola. Anandiuza kuti akawalanda makiyi, ndiuze dalaivala watsopano kuti giya yachitatu imafuna kuinyengerera.

Wopima maso, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo, anawaimika patali ndi chikwangwani. Anawerenga mpaka mzere wotsiriza, n'kuwonjezera dzina la kampani yosindikiza lili pansi pakepo. Mtsikana ati, "Bambo, inu mukhoza kuyendetsa ndege." Atawapatsa kakhadi ka pafupi, ndiye mbuu. Anawaika timagalasi. A Liwiro anayang'ana kakhadi, kenako chikhatho chawo, nthawi yaitali.

"Kani zala zanga zakalamba chonchi?"

Chiwongolero palibe wochikhudza. Koma diso lina likusiyana pang'ono ndi linzake, ndiye magalasi awo enieni atuluka pakatha masiku khumi. Mayeso ndi Lachisanu. Koma iwo anatulutsa m'thumba la jekete kanthu kokulunga mu mpango. Ofiirira. Tcheni cha mikanda. Mtsikana anawapima n'kunena kuti mphamvu yake ikuyandikira kwambiri, angagwiritse ntchito podikira.

Ndinafunsa ngati alamu akudziwa. Ati, "Mphaka."

Potuluka mtsikana anandifunsa ngati nanenso ndikufuna kupimidwa. Ndinati ndili pa changu.

Lachitatu, 21 Meyi

Tsiku losaina. Ndinakhuthula chikwama chonse patebulo, timabotolo makumi awiri ndi tiwiri, ndinasakaniza ngati nyemba, ndinaponyamo tiwiri totha ntchito. Ndinati tichite awiri, chitseko chotseka. Anakana. Ati pamene anagwera ndi pamene adzukire, kalasi yonse ilowe.

Anavala magalasi aja. Mikanda ili lende m'masaya. Mnyamata wina anayamba kufwenthera, iwo n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi ndendende mmene amachitira alamu. "Seka, mwana wanga. Zako zikubwera, zili pa rodibuloko."

Anachedwa. Mayi wanga ine, anachedwa! Dzanja linkafuna kuthamanga, ankachita kulibweza. Kabotolo kalikonse, kukatembenuza, dzina, mphamvu, tsiku. Totha ntchito tonse tiwiri anatipeza, anatiika pambali ngati tonyansa. Mphindi khumi ndi zinayi, pamene kale zinali zitatu. Wina kumbuyo anati dzina lisinthe, akhale a Kamba. Iwo ati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinati bwerezani. Kalasi yonse kubuula. Anabwereza.

Ndasaina. Cholembera chofiira, 3:40 masana. Ndinayang'ana siginecha kawiri ngati ingathawe.

Lachinayi, 22 Meyi

Tiyi wabwerera. Shuga wachuluka ngati kale.

Nkhawa zatsopano: akaiwala magalasi? Tcheni chikaduka? Nthawi ikawathera? Dokotala amapereka mphindi khumi pa wodwala mmodzi. Ndawatumizira uthenga katatu. Wachitatu anayankha alamu: "Ndawasokera kathumba m'kati mwa yunifolomu. Pumani, alamu."

Lachisanu, 23 Meyi

Sindiloledwa kulowa, ndiye ndinakhala pa benchi ya pakhonde ndi mafaelo amene sindinawatsegule. Chitseko cha chipinda chija n'chopyapyala, ndipo mawu a a Liwiro sadziwa kunong'ona.

Ndinamva funso la zimene thupi limadana nazo. Ndinamva zipi ya chikwama. Kenako zii wautali, moti ndinaimirira.

"Adirenalini. Miligalamu imodzi mu mililita imodzi. Inatha... inatha Malichi. Adokotala, iyi sindibaya munthu. Ndipatseni ina."

Ndinakhala pansi.

Anatuluka thukuta lili kamukamu, magalasi ali pachifuwa. Dokotala anasuzumira pakhomo, ati, "Mphindi zisanu ndi zinayi ndi theka. Mwakhoza, bambo. Koma tcheni chimenecho mundiuze kogula." A Liwiro anandigwira dzanja ndi manja awiri, kenako anapita kuseri kwa galaja kukaimbira alamu. Kufuula kwa alamu ndinakumva ndili pakhonde.

Masana tinali ndi chikwama chenicheni choti tiunike tisanayambe ntchito. Tinakhala pa sitepe ya kumbuyo kwa ambulansi. Ine kuwerenga, iwo kutsimikiza. Zoona. Zoona. Koma tsopano zoona wake wochedwa, wolemera. Tinafika pa atiropini. Ndinawerenga dzina, mphamvu, ndinati itha mwezi wachisanu ndi chitatu. Ndinawapatsa.

Anakatembenuza. Anakayandikiza. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bwerezani, Sisita."

Ndinatenga. Ndinati eyiti, si uyu? Ndinakasunthira patali pang'ono kuti ndione bwino. Kenako patali pang'ono. Ndinazindikira kuti mkono wanga watambasuka wonse.

Sanaseke. Anavula tcheni pakhosi pawo, anapukuta magalasi ndi mpango, n'kundiveka okha, mosamala, kuti mikanda isakole tsitsi.

Sikisi. Juni. Mwezi wamawa.

"Amatsegula hafu seveni," anatero. "Ndikuperekezani."